Msika wa masefa a mumtsempha ukukula, koma ndi angati akuchotsedwa?

Pali kachipangizo kachitsulo, kotalika ngati chala cha munthu, kooneka ngati nthiti za ambulera yopanda nsalu, kamene madokotala amakalowetsa mumtsempha waukulu wa m'mimba kuti kazikola magazi oundana asanafike m'mapapo. Mtsemphawu dzina lake la kuchipatala ndi inferior vena cava, ndipo ndi umene umasonkhanitsa magazi ochokera kumiyendo ndi m'chiuno n'kupita nawo kumtima. Kachipangizoko tikatche sefa, chifukwa ntchito yake ndi ya sefa yomwe tonse tikuidziwa: magazi adutse, mibulu ya magazi oundana itsale. Pa sefa imeneyi pali mkangano umene watenga zaka zoposa 20. Mbali imodzi kuli makampani opanga zipangizo za m'chipatala pamodzi ndi anthu olemba malipoti a zamalonda, amene chaka ndi chaka amalengeza kuti msika wa masefa ukukula ndipo upitiriza kukula. Zifukwa zawo sizisintha: anthu okalamba akuchuluka, khansa ikuchuluka, anthu akunenepa, maopareshoni akuluakulu ndi ngozi za pamsewu zikuwonjezeka, ndipo mayiko a ku Asia ndi ena ongotukuka kumene akumanga zipatala zamakono. Mbali ina kuli mabungwe a madokotala a mtima, mapapo ndi magazi ku America ndi ku Ulaya, amene malangizo awo akugwirizana pa mfundo imodzi, yakuti munthu amene angathe kulandira mankhwala oletsa magazi kuundana asaikidwe sefa mwachizolowezi.

Ine ndili mbali ya madokotalawo, ndipo ndinene msanga pamene ndaima. Kukula kwa msika wa masefa si umboni wakuti odwala akuthandizika. Sefa ndi chipangizo chabwino kwa anthu ochepa ndithu, ndipo msika wake uyenera kukhala wochepa molingana ndi anthu amenewo. Nambala imene ndikufuna kuiona m'malipoti a zamalonda ndi ya masefa amene achotsedwa m'matupi a anthu nthawi yake itakwana, chifukwa nambala imeneyo ndiyo ikuonetsa ngati wodwala anasamalidwa mpaka kumapeto kapena anangogulitsidwa katundu.

Tisanalowe m'mkangano, tigwirizane kaye kuti matendawa ndi enieni ndipo amapha. Magazi akaundana mumtsempha wamkati wa mwendo, mwendowo umatupa, umatentha ndi kuwawa. Choopsa chimabwera mbulu wa magaziwo ukathothoka, n'kuyenda ndi magazi, kudutsa mumtima n'kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Munthu amabanika, chifuwa chimabaya, ndipo ena amagwa n'kumwalira nthawi yomweyo. Bungwe la CDC, loona za matenda ku America, limati anthu ofika 900,000 amadwala matendawa chaka chilichonse m'dzikolo, ndipo pakati pa 60,000 ndi 100,000 amamwalira. Mankhwala ake enieni ndi oletsa magazi kuundana: heparin, warfarin, ndi atsopano monga rivaroxaban ndi apixaban. Koma alipo munthu amene mankhwalawa angamuphe, monga amene magazi atayikira muubongo dzulo, amene chilonda cha m'mimba chikutuluka magazi, kapena amene akulowa ku opareshoni yaikulu mawa m'mawa pamene mwendo uli kale ndi mbulu. Munthu wotere sefa ndiyo chishango chake, ndipo dokotala wokana kumuika sefa angakhale akulakwa. Anthu oterewa ndi amene Lazar Greenfield, dokotala wa maopareshoni ku Oklahoma, ankawaganizira pamene anagwirizana ndi Garman Kimmell, katswiri wa zipangizo za m'mapaipi a mafuta, n'kupanga sefa imene inayamba kugwiritsidwa ntchito mu 1973. Choncho funso langa silakuti sefa ikhalepo kapena ayi. Funso ndi lakuti anthu oyenera sefa ndi angati, ndipo msika ukukula chifukwa cha iwowo kapena chifukwa cha zina.

Mfundo yoyamba ya mbali inayo ndi imene imamveka yanzeru kwambiri. Iwo amati matenda a magazi oundana amakonda okalamba, odwala khansa ndi onenepa, ndipo magulu onsewa akukula padziko lonse, choncho kufunika kwa masefa kukula nawo basi. Gawo loyamba la mfundoyi ndi loona. Koma kuchuluka kwa odwala kukutanthauza kuchuluka kwa ofuna mankhwala, pakuti ambiri mwa okalamba ndi odwala khansawo angathe kulandira mankhwala bwinobwino. Ngati matenda ndiwo amakoka msika, bwenzi mayiko okhala ndi odwala ofanana akuika masefa ofanananso, koma sizili choncho. Akatswiri atayerekeza ziwerengero za 2012 anapeza kuti America inkaika masefa ochuluka pafupifupi ka 25 kuposa mayiko asanu akuluakulu a ku Ulaya, omwe ndi Britain, France, Germany, Italy ndi Spain, kuwaphatikiza pamodzi, chonsecho chiwerengero cha anthu mbali ziwirizi n'chosasiyana kwambiri, ndipo okalamba ndi ambiri ku Ulaya. Mkati mwa America momwemo muli kusiyana kodabwitsa. Kafukufuku amene anatuluka mu 2013 anayang'ana zipatala 263 za ku California, ndipo anapeza kuti zipatala zina sizinaike sefa ngakhale kwa wodwala mmodzi, pamene zina zinkaika kwa odwala pafupifupi 39 pa 100 aliwonse odwala matendawa. Magazi a anthu a m'tauni imodzi sangasiyane chonchi ndi a anthu a m'tauni yoyandikana nayo. Chimene chikusiyana ndi chizolowezi cha chipatala, madokotala amene alipo odziwa kuika sefa, ndi momwe ntchitoyo imalipidwira.

Mbiri ya msika wa ku America ikutsimikiza zomwezi. Mu 1979 m'dzikolo munaikidwa masefa pafupifupi 2,000. Pofika 1999 anali 49,000, ndipo pofika 2010 anali atadutsa 100,000 pachaka. Kenako nambala inayamba kutsika, kuchoka pa masefa 55 pa anthu 100,000 aliwonse mu 2010 kufika pa 39 mu 2014. Anthu a ku America sanasiye kukalamba mu 2010, ndipo khansa sinathe. Chimene chinachitika chaka chimenecho ndi chenjezo la bungwe la FDA loyang'anira mankhwala ndi zipangizo za m'chipatala, ndipo pambuyo pake milandu ya kukhoti. Msika umene umakwera chifukwa chakuti ntchitoyo yaphweka, n'kutsika chifukwa chakuti madokotala achita mantha, suli womangika pa kuchuluka kwa matenda monga malipoti amanenera.

Mfundo yachiwiri imachokera kwa madokotala ena amene cholinga chawo n'chabwino. Iwo amati ndi zoonekeratu: mbulu ukuchokera kumwendo, ukupita kumapapo, ndiye ukatchera mono pakati pa mtsinje nsomba ikodwa. Bwanji osapatsa wodwala zonse ziwiri, mankhwala ndi sefa, kuti chitetezo chikhale chokwanira? Maganizowa anayesedwa, ndipo ndi bwino kuwayankha ndi zimene zinapezeka. Ku France kunachitika kafukufuku wotchedwa PREPIC, amene zotsatira zake zinatuluka mu 1998. Odwala 400 okhala ndi magazi oundana m'miyendo anagawidwa pawiri mwamaere. Onse analandira mankhwala, koma theka anaikidwanso sefa yokhalitsa. M'masiku 12 oyambirira sefa inaoneka kuti yapambana, chifukwa mibulu inafika m'mapapo mwa odwala 1.1 peresenti okha, pamene kwa opanda sefa anali 4.8 peresenti. Patapita zaka ziwiri chithunzi chinasintha: magazi anali ataundananso m'miyendo mwa 20.8 peresenti ya okhala ndi sefa, poyerekeza ndi 11.6 peresenti ya opanda sefa. Ataonanso odwala omwewo patatha zaka 8, mibulu ya m'mapapo inali yochepabe kwa okhala ndi sefa, ya m'miyendo inali yochulukabe, ndipo chiwerengero cha omwalira chinali chofanana mbali zonse. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mono umene wakhalitsa mumtsinje umakola zinyalala, madzi n'kuyamba kudikha kumtunda kwake, ndipo magazi oyenda pang'onopang'ono ndi amene amaundana.

Ena anati vuto linali lakuti masefa a PREPIC anali okhalitsa, ndiye anthu a ku France omwewo anayesanso ndi sefa yochotseka. Kafukufuku wa PREPIC2, amene anatuluka mu 2015, anatenga odwala 399 amene mibulu inali itafika kale m'mapapo ndipo anali pachiopsezo chachikulu, ndiye kuti anthu amene sefa inkayenera kuwathandiza kuposa wina aliyense. Patatha miyezi itatu, mibulu inabwereranso m'mapapo mwa odwala 6 okhala ndi sefa ndi odwala 3 opanda sefa. Manambalawa ndi ochepa moti sitinganene kuti sefa inawononga, koma palibe amene angawawerenge n'kunena kuti inathandiza. Pachifukwa ichi bungwe la madokotala a chifuwa ku America, bungwe la madokotala a magazi m'dziko lomwelo, ndi bungwe la madokotala a mtima ku Ulaya m'malangizo ake a 2019, onse amaletsa kuika sefa mwachizolowezi kwa wodwala amene akulandira mankhwala.

Mfundo yachitatu ndi imene inakuza msika kuposa zonse, ndipo ndi imene imandikhudza kwambiri. Cha m'ma 2003 FDA inaloleza masefa ochotseka, okhala ndi kambedza pamwamba kuti dokotala akalowetsa kachingwe mumtsempha wa pakhosi akoke sefayo n'kuitulutsa. Apa makampani ndi madokotala ambiri anati nkhawa yatha: ika lero, chiopsezo chikadutsa uchotse, ndipo mavuto a sefa yokhalitsa sakufikira. Chifukwa cha lonjezo limeneli dzanja la dokotala linapepuka, ndipo masefa anayamba kuikidwa ngakhale kwa anthu opanda mbulu uliwonse, pongoteteza, monga ovulala pa ngozi ndi okachitidwa opareshoni yochepetsa kunenepa. Lonjezolo likanasungidwa, mfundoyi ikanakhala yolimba. Koma ofufuza pa chipatala cha Boston Medical Center atawerenga mafayilo a odwala awo, anapeza kuti mwa masefa ochotseka 679 amene anaikidwa, 58 okha ndi amene anachotsedwa, ndiye kuti 8.5 peresenti. Zotsatirazi zinatuluka mu 2013. Ena amene anaphatikiza kafukufuku wa zipatala zambiri mu 2011 anapeza kuti sefa imodzi yokha mwa atatu inkachotsedwa. Taganizirani mayi amene waikidwa njira yolera ya pamkono. Namwino amamulembera pakhadi tsiku lochotsa, mayiyo amalidziwa, ndipo akakhudza pamkono amachimva chinthucho. Mwana wothyoka mkono sangaiwale chikhakha chifukwa amachiona tsiku lililonse. Sefa ili mkatikati mwa mimba, siioneka, siimveka, ndipo nthawi zina imaikidwa munthu ali chikomokere kapena ali pa ululu waukulu. Alipo anthu amene amadziwa kuti ali ndi sefa patapita zaka, atajambulidwa pa chifukwa china.

Choipa n'chakuti sefa yopangidwa kuti ichotsedwe imakhala ndi miyendo yopyapyala ndi yofewa kuti izitha kupindika, ndipo mtsempha umene imakhalamo umafufuma ndi kuphwa nthawi iliyonse munthu akapuma. Waya ukamaupinda uku ndi uku kwa zaka umathyoka. Mu Ogasiti 2010 FDA inalengeza kuti kuyambira 2005 inalandira malipoti 921 a mavuto a masefa, ndipo mwa amenewa 328 anali a sefa kusuntha pamalo pake, 146 a tizidutswa tothothoka n'kuyenda ndi magazi, 70 a sefa kuboola mtsempha, ndi 56 a sefa kuthyoka. Chaka chomwecho madokotala a ku York, m'chigawo cha Pennsylvania, anajambula odwala 80 okhala ndi masefa a kampani ya Bard ndipo anapeza kuti 13 anali othyoka, ena tizidutswa titafika mumtima. Milandu zikwizikwi inatsatira, yotsutsa Bard inasonkhanitsidwa m'khoti la ku Arizona, yotsutsa kampani ina ya Cook Medical m'khoti la ku Indiana. Mu 2014 FDA inabwereza chenjezo lake, n'kutchula kuti ngati chiopsezo cha mbulu wa m'mapapo chadutsa, nthawi yabwino yochotsa sefa ili pakati pa masiku 29 ndi 54 kuchokera tsiku loiika. Sefa ikakhalitsa kupitirira apo, mnofu wa mtsempha umamera pamiyendo yake ndipo kuichotsa kumavuta. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere: mawu akuti "yochotseka" anagulitsa masefa ambiri, koma ambiri mwa masefawo adakali m'matupi a eni ake.

N'chifukwa chiyani sachotsedwa? Sindikukhulupirira kuti madokotala ndi oipa mtima. Vuto lili pa kayendetsedwe ka ntchito. Sefa imaikidwa nthawi ya changu, wodwala ali m'chipatala, ndipo ntchitoyo imatenga nthawi yosakwana ola. Dokotala woika sefa nthawi zambiri si amene akusamalira wodwalayo, amangoitanidwa kudzachita ntchitoyo n'kubwerera. Wodwala akatuluka, dokotala wa mafupa amaganiza kuti za sefa azikumbukira woikayo, woikayo amaganiza kuti wa mafupa ndiye amutumizanso wodwalayo, ndipo ntchito ya anthu ambiri imagona panja. Kampani yalandira kale ndalama zake tsiku limene bokosi linatsegulidwa. M'dziko limene dokotala amalipidwa pa ntchito iliyonse imene wachita, kuika sefa kumabweretsa ndalama lero, pamene kufunafuna wodwala amene anasamuka, kapena amene inshuwalansi yake inatha, kumangodya nthawi. Palinso mantha a milandu: wodwala akamwalira ndi mbulu wa m'mapapo, dokotala amene sanaike sefa amafunsidwa mafunso, koma sefa ikathyoka patapita zaka zisanu, amene anaiika angakhale atasamukira kwina kalekale. Zonsezi zimakankhira dzanja mbali imodzi, ndipo ndi zimene malipoti a zamalonda sazilemba pamndandanda wa zokuza msika.

Mfundo yachinayi ndi yakuti zonse ndanenazi ndi zakale. Makampani amati masefa a masiku ano ndi olimba, sapendekeka, ndipo amaloza kafukufuku wa PRESERVE, amene anatsatira odwala oposa 1,400 m'zipatala 54 za ku America ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2023, zoonetsa kuti mavuto aakulu anali ochepa. Apa ndivomere kuti zinthu zasinthadi, ndipo ndi nkhani yabwino kwa wodwala amene sefa ikumuyenera. Palinso nzeru zatsopano, monga sefa yotchedwa Sentry, imene miyendo yake imamangidwa ndi kaulusi kosungunuka m'thupi, moti pakatha masiku oposa 60 imatseguka yokha n'kumamatira m'mbali mwa mtsempha. Komabe pali zinthu ziwiri zimene mfundoyi siyankha. Choyamba, mu PRESERVE aliyense anaikidwa sefa, panalibe gulu loyerekeza nalo, choncho kafukufukuyu angatiuze kuti sefa siivulaza kawirikawiri, koma sangatiuze kuti imapulumutsa moyo wa munthu amene akanatha kumwa mankhwala. Chachiwiri, ngakhale m'zipatala zimene zinkadziwa kuti zikuyang'aniridwa, masefa amene anachotsedwa sanafike theka. Tikumbukirenso kuti masefa ambiri analowa pamsika wa ku America kudzera njira yotchedwa 510(k), imene kampani imangoonetsa kuti chipangizo chake chikufanana ndi china chimene chili kale pamsika, popanda kuyesa kaye pa magulu awiri a odwala monga amachitira ndi mankhwala atsopano. Ndipo mu Disembala 2021 FDA inaloleza chipangizo cha kampani ya Philips chogwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu kotchedwa laser pomasula masefa amene anakanirira mumtsempha. Chipangizocho n'chothandiza ndipo ndikuyamikira kuti chilipo, koma kufunika kwake kukuonetsa kuchuluka kwa anthu amene anasiyidwa ndi sefa nthawi yaitali.

Mfundo yachisanu ndi imene ndimailemekeza kuposa zonse, ya madokotala osamalira ovulala pa ngozi. Munthu wagundidwa ndi galimoto, mutu wavulala, chiuno chathyoka, agona osasuntha kwa milungu. Chiopsezo cha mbulu n'chachikulu, ndipo mankhwala sangapatsidwe chifukwa muubongo mungatuluke magazi. Kodi tidikire kuti mbulu upangike kaye? Ku Australia anayesa funso limeneli pa odwala 240 ovulala kwambiri, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2019. Amene anamwalira kapena kupezeka ndi mbulu m'mapapo m'masiku 90 anali 13.9 peresenti kwa oikidwa sefa msanga ndi 14.4 peresenti kwa osaikidwa, ndiye kuti panalibe kusiyana. Koma mwa odwala omwewo munali kagulu ka amene anakhala ndi moyo sabata yoyamba koma osayamba mankhwala m'sabata imeneyo. Mwa 46 okhala ndi sefa palibe amene mbulu unafika m'mapapo, pamene mwa 34 opanda sefa unafika kwa 5. Sindibisa nambala imeneyi ngakhale ikuthandiza mbali inayo. Koma taonani zimene ikunena: sefa inathandiza anthu amene mankhwala anali osatheka kwa nthawi yaitali, gulu lomwe lija ndinalitchula poyamba. Ikutiuza kuti tisankhe bwino odwala, osati tiike sefa kwa aliyense wolowa pakhomo la chipatala ali pamachira.

Yotsala ndi mfundo ya mayiko osauka ndi ongotukuka kumene, imene olemba malipoti amaitcha mwayi waukulu wa msika. Iwo amati ngati America yachepetsa, India, China, Brazil ndi Africa ayamba kumene, ndipo n'kupanda chilungamo kuti munthu wa kuno amwalire chifukwa chipangizo chimene chili ku Boston kuno kulibe. Pa chilungamo ndikugwirizana nawo, ndipo zipatala zikuluzikulu zotumizako odwala ziyenera kukhala ndi masefa owerengeka ndi dokotala wodziwa kuika ndi kuchotsa. Koma tifunse kuti anthu a kuno amafa ndi mibulu pa chifukwa chiti. Matendawa ndi athu ndithu: HIV ndi TB zimawonjezera chiopsezo cha magazi kuundana, chimodzimodzi mimba ndi masabata oyamba mayi atachira, makamaka atachitidwa opareshoni, komanso kukhala malo amodzi nthawi yaitali monga m'basi yochokera ku Johannesburg kupita ku Blantyre, ulendo wopitirira tsiku lathunthu. Mayi amene mwendo watupa sabata ziwiri atabereka akusowa namwino woganizira msanga za mbulu, makina a sikani oti aone mtsempha, jakisoni wa heparin tsiku lomwelo, ndi mankhwala akumwa amene sangathe mufamase mwezi wachiwiri. Womwa warfarin akusowa poyezetsa magazi pafupi ndi kwawo, ndipo ngati akumwanso rifampicin wa TB, amene amafooketsa warfarin komanso mankhwala atsopano aja, akusowa dokotala wodziwa kusintha mlingo. Mu 2019 bungwe la WHO linaika mankhwala atsopano oletsa magazi kuundana pamndandanda wa mankhwala ofunikira kwambiri. Ndalama zogulira sefa imodzi, kuphatikiza chipinda cha X-ray ndi dokotala woiika, zingagule mankhwala a odwala ambiri, ndipo umboni wakuti mankhwalawo amapulumutsa moyo ulipo kale.

Palinso china chokhudza ife mwachindunji. Odwala athu ambiri amapita ku India kapena ku South Africa kukachitidwa maopareshoni a khansa, msana ndi chiuno, ena potumizidwa ndi boma, ena ndi ndalama zosonkha pabanja. Tiyerekeze bambo amene waikidwa sefa yochotseka kumeneko, n'kubwerera kwawo ku Mzimba kapena ku Chipata patatha milungu itatu. Masiku 29 mpaka 54 aja akwanira ali kumudzi. Kuchotsa sefa kumafuna makina apadera ojambulira ndi dokotala wozolowera ntchitoyo, zinthu zimene sizipezeka pa chipatala chilichonse, ndipo tikiti yobwerera kunja palibe amene anaiwerengera. Ngati Boston, mzinda wodzaza ndi zipatala zophunzitsira madokotala, inachotsa 58 mwa 679, bamboyu adzachotsedwa ndi ndani? Safunsa anadya phula. Wachibale amene waperekeza wodwala ali ndi ufulu wofunsa dokotala, mwaulemu koma mosaopa, kuti n'chifukwa chiyani mankhwala okha sakukwanira, sefayo ichotsedwa tsiku liti ndipo aichotsa ndani, komanso kupempha kuti dzina la sefayo ndi tsiku loiika zilembedwe m'buku la kuchipatala la wodwalayo. Abale athu amene akugwira ntchito ya unamwino ndi yosamalira okalamba ku Britain ndi kwina akaona mawu akuti IVC filter, lomwe ndi dzina la sefayi m'Chingerezi, m'fayilo ya munthu, funso lomwelo lingathandize munthu amene aliyense anamuiwala.

Tsono chimene ndikupempha kwa ogula zipangizo m'zipatala, a inshuwalansi ndi maboma ndi chakuti ntchito yoika sefa yochotseka isatengedwe kuti yatha mpaka sefayo itachotsedwa, kapena dokotala atalemba chifukwa chomveka choisiyira. Malipiro agawidwe motero, ndipo kampani yofuna kugulitsa masefa m'dziko ionetse kaye amene adzawachotse. Izi zichepetsa malonda, ndipo ndikudziwa kuti ogula masheya sangakondwere nazo, koma zinayesedwa kale ndipo sizifuna makina atsopano. Pa chipatala cha Northwestern ku Chicago madokotala anatsegula kiliniki yoona za masefa okha, n'kulemba m'kaundula wodwala aliyense woikidwa sefa, ndipo panali munthu amene ntchito yake inali kutsatira mayinawo ndi kukumbutsa madokotala a odwalawo nthawi yochotsa ikayandikira. Monga analembera mu 2010, masefa ochotsedwa anakwera kuchoka pa 29 kufika pa 60 pa 100 aliwonse.